M'mera Mpoyamba: Khitchini Yolimba Imayambira Kumtengo

M'mera mpoyamba, anatero makolo. Mlimi wa kwa Mkanda safuna womumasulira mwambi umenewu. Akaponya mtedza m'nthaka mvula yodzalira itagwa, pomatha masabata awiri amakhala atadziwa kale ngati chaka chimenecho adzakolola kapena adzagwira njakata. Mbewu yomera modumphadumpha, yachikasu, yonyozoloka, siikonzeka ndi kupalira ngakhale munthu atalimbika chotani. Chimene chalakwika poyamba chimakutsatira mpaka kunkhokwe. Mwambiwu timaukumbukira kawirikawiri polangiza za kulera ana ndi za kuyamba banja. Lero tiutengere kuseri kwa nyumba, pamalo pamene ambirife sitiikapo mtima: pakhitchini ya mitengo, pamene pamachokera nsima ya banja lonse.

Dutsani m'midzi ya kwa Mkanda mwezi wa February, mvula ikugwa usana ndi usiku. Mudzaona nyumba za njerwa zootcha, zofolera ndi malata, phindu la fodya, soya ndi mtedza zimene boma la Mchinji limatchuka nazo. Mudzaona zigafa zitaima chilili, mphanda zake zosankhidwa mosamala, pakuti mwini amadziwa kuti fodya akanyowa ndalama zapita. Ndiye suzumirani kuseri. Pamakomo ambiri khitchini mudzaipeza itapendekeka, wina ataichirikiza ndi chimtengo kuti isagwe, udzu wapadenga utawolerana, pepala lapulasitiki likupepeluka ndi mphepo. M'katimo mayi ali chiweramire, dzanja lina lili pamthiko, lina likusuntha mphika wandiwo kuthawitsa madontho. Akanena kuti, "Bambo a mwana, khitchini ija ikudontha," yankho lake ndi lodziwika: "Ndamva, mayi, tikagulitsa fodya." Fodya amagulitsidwa, chilimwe chimafika, kudontha kumaiwalika, ndipo dzinja likabweranso nkhani imayambira pomwe paja.

Mvula timangoinamizira. Khitchini yotere inalakwika tsiku lomwe inamangidwa, pamene mwini anatola mitengo yotsala pachigafa, yaiwisi, ya makungwa ake, n'kuizika m'maenje osafika n'pachigongono pomwe, dzuwa lisanapendeke n'kunena kuti ntchito yatha. Chonsecho palibe nyumba ina pakhomo imene imagwira ntchito kuposa imeneyi. Chigafa chimagwira ntchito miyezi yowerengeka pachaka. Pabalaza pamadikira alendo. Khitchini imadzuka ndi tambala woyamba: madzi osamba, phala la ana opita kusukulu, nsima yamasana, nsima yamadzulo, thobwa lapachinkhoswe, chakudya cha anthu obwera kudzakhuza maliro. Ngakhale alangizi a zaumoyo akamayendera makomo, amaiwerengera pamodzi ndi chimbudzi, bafa, thandala ndi dzala pa zinthu zosonyeza khomo laukhondo. Nyumba yofunika chotere sitiyenera kuimangira zotsala.

Zulani mphanda imodzi ya khitchini yakugwa, muiyang'anitsitse. Kumtunda, kumene kunkafika utsi, ndi yakuda bii ndi mwaye, youma gwaa, moti nkhwangwa imachita kunjanja. Kunsi kwenikweni, kumene kunali pansi pa dzenje, kawirikawiri kumakhala kudakali ndi thupi. Pamene yathera ndi pamalire a dothi ndi mpweya, kamalo kosaposa zikhatho ziwiri. Pamenepo mtengo umangofumbutuka m'manja, m'kati mwake muli tinjira tadothi ta chiswe ndi tiulusi toyera ta chuku. Zowoletsa mtengo zimafuna zinthu ziwiri pamodzi, chinyontho ndi mpweya, ndipo ziwirizi zimakumana pamalo pomwepo. Nacho chiswe chimakhala m'nthaka ndipo chimaopa dzuwa ndi mphepo youma, n'chifukwa chake chimadzimangira njira yophimba ndi dothi chikamakwera. Mtengo wozikidwa pansi wosatetezedwa ndi khomo lake lolowera. Amene wamvetsa kamalo kameneka wamvetsa theka la luso lonse lomanga ndi mitengo.

Theka linalo lili m'mtengo momwemo. Pansi pa khungwa pali mnofu woyera umene umayendetsa madzi ndi kusunga chakudya cha mtengowo, ndipo umenewo ndiwo umakoka chiswe ndi tizilombo tofumbwitsa. M'kati muli mtima, wofiira kapena woderako, wolemera, umene mitengo ina imaudzaza ndi mankhwala akeake amene tizilombo sitiwakonda. Mtengo wanthete umakhala pafupifupi mnofu wokhawokha. N'chifukwa chake bulugamu wa zaka ziwiri, ngakhale awongoke bwanji, sakhalitsa m'nthaka. Chimodzimodzinso matabwa a paini ochokera ku Chikangawa amene timawagula pamisika: ndi osalala, opepuka, abwino kupangira zitseko ndi kukhomerapo malata, koma mukawagunditsa dothi osapaka mankhwala, mudzakumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi ngakhale sanalowe m'kalasi. Ufumu wa Mkanda ndi wakale. Apaulendo a Chipwitikizi, Monteiro ndi Gamitto, anaupeza uli wokhazikika pamene ankadutsa kupita kwa Kazembe mu 1831. Mibadwo yonseyo anthu ankagona, kuphika ndi kusunga chakudya m'nyumba za mitengo, dothi ndi udzu, popanda msomali ndi umodzi womwe, ndipo mtengo uliwonse ankaudziwa ntchito yake. Pofuna mphanda ndi nsichi zokhalitsa ankalunjika pa muwanga, naphini, mkalati kapena msuku. Luzi lomangira ankafundula ku mombo. Mapaso ndi mbalo zinkachokera kunsungwi ndi kutimitengo towongoka ta m'thengo. Mnyamata ankaphunzira zonsezi potsatira amalume ake kuthengo, atanyamula nkhwangwa, akumva kuti, "Uwu usiye, mphwanga, ndi wofewa, uwo ndiwo umaona adzukulu."

Lero thengo lija lafupika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 600,000 m'boma la Mchinji, ndipo onsewo akufuna munda, nkhuni, njerwa zootcha ndi mitengo ya zigafa. M'dziko lonse lino, mabanja oposa 90 mwa 100 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Mitengo yachilengedwe yokhwima yatsalira m'manda, m'nkhalango zam'midzi ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji, kumapiri kumene kumachokera mtsinje wa Bua. Lamulo la nkhalango la 1997, limene analikhwimitsa mu 2020, limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa chake: mapiri akayera, mitsinje imauma msanga ndipo zitsime zimazama. Choncho munthu wofuna khitchini yolimba masiku ano asalote zokazembera muwanga usiku. Amange ndi mitengo yodzala yekha, koma aimange mwaluso.

Pamenepa kumanga zolimba ndi kusunga nkhalango zimakhala ntchito imodzi. Khitchini ya mphanda 6 imene imagwa zaka ziwiri zilizonse imadya mphanda 30 pa zaka 10, osawerengera mapaso, mbalo ndi luzi. Yomangidwa bwino kamodzi imadya 6 zomwezo basi. Werengani makomo a m'mudzi mwanu, muone kuchuluka kwa mitengo imene timaipereka kwa chiswe chaka ndi chaka chifukwa cha changu.

Likaomba otheratu. Nthawi yokonzekera khitchini ndi kuyambira m'masika, zokolola zitalowa, mpaka August, pamene nthaka ndi mpweya zili zouma ndipo manja ali omasuka. Bulugamu wokhwima, keshya wamilimo ndi nsungwi zokhwima zikadulidwa nthawi imeneyi zimauma bwino. Mtengo ukangogwa, makungwa asendedwe tsiku lomwelo akadali ofewa, chifukwa pansi pa khungwa ndi pamene tizilombo timaikira mazira. Kenaka mitengoyo isanjidwe pamthunzi, pamwamba pa miyala kapena pansanja, motalikirana pang'ono kuti mphepo izidutsa. Ikasiyidwa padzuwa lamphamvu imang'aluka. Ikasiyidwa padothi chiswe chimayamba ntchito nyumba isanamangidwe n'komwe. Kudikira miyezi iwiri kapena itatu kumamutopetsa munthu amene akufuna kuona denga mawa lomwe, koma kuthamanga si kufika. Mtengo wouma umapepuka m'manja ndipo ukaugogoda ndi msana wa chikwanje umalira mokweza. Wauwisi umayankha mogonthera.

Likafika tsiku lozika, maso onse akhale kutsinde. Akuluakulu amaliwaula pamoto mpaka lide, osalola kuti lipserere, kuyambira kunsi mpaka kupitirira pamene padzalekezere dothi. Ena amawonjezera oyilo wakutha wakuchigayo, ndipo amene ali ndi kangachepe amagula mankhwala opaka matabwa ngati Solignum. Zonsezi zimachedwetsa chiswe, koma zili ndi malire ake ndiponso zimafuna kusamala: mankhwala akhale kutsinde kokha, kutali ndi chakudya ndi chitsime, ndipo zidutswa za mtengo wopakidwa mankhwala zisaponyedwe pamoto wophikira, pakuti utsi wake ndi poizoni. Dzenje lilowe mkono wonse mpaka paphewa, masentimita 60 kapena kuposerapo. Pansi pake pakhale timiyala kuti madzi asadikhe, ndipo dothi libwezeredwe pang'onopang'ono, likutsenderedwa ndi munsi, mpaka mphanda ikane kugwedezeka. Njira yoposa zonse ndi kusalola konse kuti mtengo ukhudze nthaka: kumanga timizati ta miyala kapena ta njerwa ndi simenti, totalika mpaka m'mawondo, n'kukhazika mphanda pamwamba pake zomangiriridwa ndi chitsulo. Thumba limodzi la simenti limaoneka lodula tsiku logula, koma limapulumutsa mitengo, thukuta ndi mikangano ya zaka zambiri. Ndipo chiswe chikafuna kukwera pamzati wanjerwa, njira yake imaonekera poyera, mwana yemwe akhoza kuiphwasula ndi tsache.

Madzi saiwala khwawa. Musanakumbe dzenje loyamba, kumbukirani kumene madzi amadutsa pakhomo panupo mvula ikagwa yamkuntho, ndipo khitchini muiike pokwera. Pansi pake pakwezedwe ndi dothi lotsendera bwino, pazilidwe, kuti pakhale pamwamba kuposa bwalo. Kuseri kukumbidwe kangalande kopatutsa madzi. Denga litulukire kunja ndithu, kupitirira mphanda ndi mkono wathunthu, chifukwa madontho ochokera padenga lalifupi amagwera patsinde penipeni n'kumathovukira pamtengo dzinja lonse. Ngati ndi laudzu, likhale lotsetsereka kwambiri ndi lochindikala, udzu wake wokhwima, wouma, wopesedwa bwino. Denga logona limasunga madzi ndipo limawola chaka chomwecho. Ngati ndi lamalata, likhale lokwera, pakuti malata amatentha, ndipo utsi ndi nthunzi zikasowa potulukira zimawachititsa dzimbiri msanga.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene amisiri enieni sakaiwala. Mphanda zinayi zolumikizidwa ndi mitanda pamwamba zimaoneka zolimba, koma mphepo ikazikankha mbali imodzi, zonse zimapendekera limodzi. Mankhwala ake ndi timitengo tachidule tokhomedwa mopingasa pangodya iliyonse, kuchokera pamphanda kukafika pamtanda. Timitengo timeneti sitidya ndalama, koma nditimene timaimitsa nyumba kamvuluvulu wa mu October akadutsa pabwalo. Bulugamu wouma amang'aluka ndi msomali, ndiye mmisiri wodziwa amayamba waboola kapena kufwifwitsa nsonga ya msomaliwo, ndipo pamfundo zonyamula katundu amakulungapo waya. Ntchito zoterezi sizioneka kwa wodutsa panjira. Zimadziwika pakapita zaka, pamene khitchini ya mnzako yagwa kachiwiri, yako ili chiimire.

Tsopano tinene za utsi, pakuti pamenepa pali nkhani yovuta. Utsi ndi bwenzi la denga. Mwaye umene umakuta mapaso ndi udzu umathamangitsa tizilombo tofumbwitsa, ndipo n'chifukwa chake agogo athu ankapachika chimanga chambewu ndi zikwatu za mfutso pamwamba pa moto. Koma utsi womwewo ndi mdani wa chifuwa ndi maso a munthu wophika, ndiponso a mwana amene ali kumbuyo kwake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati utsi wam'nyumba wochokera kumoto wophikira umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, kudzera m'matenda ngati chibayo ndi a mtima. Khitchini yotsekeka mbali zonse, yopanda zenera, imasunga mitengo yake n'kumadwalitsa mwini wake. Yomangidwa mwanzeru imakhala ndi chipupa chachifupi chotchinga mphepo ndi ziweto, chofika m'chiuno kapena pachifuwa, ndipo pakati pa chipupacho ndi denga pamatsala mpata woti utsi ukwere, ukhudze mapaso, n'kutuluka. Nkhuni zouma zimachepetsa utsi, ndiye pakhale pozisanja pokwera, posagunda mphanda, popeza mulu wa nkhuni wotsamira mtengo ndiwo umabisa chiswe. Mbaula yadothi ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba m'maboma ambiri, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndiponso imatchinga moto kuti ana asagweremo mosavuta.

Moto nawo sufuna chibwana. Mafuwa kapena mbaula zikhale kutali ndi mphanda iliyonse, ndipo mtengo umene uli pafupi umatidwe ndi dothi. Khitchini italikirane ndi nyumba yogona, nkhokwe ndi chigafa, ndipo ikhale kumene mphepo yapakhomopo siikankhira utsi ndi mphaliphali kunyumba zinazo. Tonse tinamvapo za mabanja amene anataya chakudya cha chaka chonse mwezi wa October chifukwa cha kamoto kamene kanatsalira paphulusa. Kuzimitsa moto pochoka ndi mbali ya kumanga komwe, pakuti nyumba yolimba chotani siipirira lawi.

Mutu umodzi susenza denga. Kale denga la nyumba yozungulira ankalimangira pansi, kenaka amuna a pamudzi n'kulinyamulira pamodzi kukalikhazika pazipupa. Mwambiwu ukugwirabe ntchito pakhitchini, ndipo mutu woyamba kuufunsa ndi wa amene adzaphikemo. Mayi ndiye amadziwa kumene dzuwa lamasana limamuwomba, kumene mphepo imazimitsira moto, kutalika kwa nsanja yoikapo miphika kuti msana usapweteke, pamene pakhale mtsuko wamadzi, ndi mbali imene khomo liloze kuti aziona ana akusewera pabwalo. Bambo womanga osafunsa amamanga nyumba yooneka bwino imene mwini ntchito amaithawa n'kukaphikira panja. Kugawana kwa ntchito kumene tinakulira, amuna kudula, kuzika ndi kufolera, amayi kumweta udzu, kutunga madzi, kumata ndi kuzira, kumasonyeza kuti khitchini ndi ya banja lonse. Ana nawo akhalepo, agwire chingwe, atole timiyala, amve chifukwa chimene tsinde likuwaulidwira. Luso limene amalume ankaphunzitsira kuthengo lidzapulumukira pabwalo pomwepo.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuitchula poyera. Pakati pa ife Achewa, mwamuna kawirikawiri amakakhala kwawo kwa mkazi, pachikamwini, pokhapokha atapempha chitengwa. Akamwini ena mumtima amati: ndidzalirenji mitengo pamalo pamene tsiku lina angadzandiuze kuti ndinyamuke? Ndimangirenji zolimba pamudzi pa eni? Mantha amenewa ndi omveka, ndipo asiya makomo ambiri opanda mthunzi ndi opanda mphanda. Koma amene amadya nsima yochokera m'khitchinimo ndi ana ake omwe, ndipo mtengo umene wadzala udzafolera mwana wake wamkazi akadzakula. Nawo eni mudzi, amalume ndi apongozi, ali ndi mbali yawo. Mkamwini wofuna kudzala mitengo amuonetse malo ndi mtima woyera, amuyamikire, asamuyese wofuna kulanda malo. Pamudzi pamene wodzala mtengo amakayikiridwa, onse adzaphikira pamvula.

Ndiye chiyambi chenicheni cha khitchini yolimba chili kutali kuposa tsiku lozika mphanda. Chili pa kambewu kamene kali m'chubu kunazale, ndi pa chitsa cha mtengo wachilengedwe chimene chikuphukira m'malire a munda, chongofuna kuti wina achisadzire n'kuchitchinjiriza kumoto ndi kumbuzi. Bulugamu ndi keshya ukazidula zimaphukiranso, kotero kuti kamunda kamodzi ka mitengo kakhoza kupereka mphanda ndi mapaso kangapo konse. Bulugamu adzalidwe kumtunda, kutali ndi dambo ndi zitsime, popeza amamwa madzi ambiri. Phata limodzi la nsungwi kuseri kwa nyumba limakwanira mbalo za pakhomo chaka ndi chaka. Naphini ndi msuku zimakula pang'onopang'ono, koma munthu wozisiya kuti zikule wasungira adzukulu ake chuma chimene sitolo iliyonse singawagulitse.

Khitchini ikatha, imafunabe diso la mwini. Mvula yoyamba ikagwa, zungulirani mphanda zonse, phwasulani tinjira ta chiswe, bwezerani dothi pamene lakokoloka, tsekulani ngalande, sokerani udzu pamene paoneka kuwala. Ntchito imeneyi ndi ya m'mawa umodzi, ndipo ndiyo imasiyanitsa nyumba ya zaka ziwiri ndi ya zaka khumi.

Abale anga a kwa Mkanda, a ku Kapiri, a ku Kamwendo ndi inu a tsidya la malire cha ku Chipata, nyengo yodzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 December n'kutha pa 15 April. Chaka chino khomo lililonse lidzale mitengo yakeyake yomangira, ndipo mafumu athu alimbikitse nkhalango zam'midzi kuti zitsa ziphukire. Inu abambo, ndalama za fodya ndi soya zikabwera, patulani za simenti, misomali ndi waya musanagule china chilichonse, ndipo mphanda zabwino koposa zipite kukhitchini. Amene amatiphikira tsiku ndi tsiku ayenera malo ouma, olimba ndi opuma mpweya wabwino. Amangireni malo amenewo chilimwe chikubwerachi.